Liwiro la Mtondo Wadooka ndi Luso Lokhota

Tsiku limene Nkana ikukumana ndi Power Dynamos, mzinda wa Kitwe umagawika pawiri, ofiira ndi achikasu. Munthu wochokera ku Nkana West, dera la nyumba zakale za mabwana a mgodi, safunsa njira. Amangotsata khamu la malaya ofiira mpaka kukafika ku Wusakile, kumene kuli bwalo la Nkana. Ukakhala m'bwalomo, ngakhale Chibemba chizikudutsa, makutu okha amakuuza zimene zikuchitika, chifukwa ochemerera ali ndi maphokoso awiri osiyana. Lina limayambira pansi n'kumakwera ngati mvula yochokera kutali ikamafika pa malata. Pamenepo ndiye kuti wosewera wa m'mbali wakankhira mpira kutsogolo, waliyatsa liwiro, ndipo womutchinga akutsalira. Linalo limaphulika kamodzi n'kusanduka phwete. Pamenepo wina wadyetsedwa njomba, wapita kumanzere mnzake atalowera kumanja, ndipo wapezeka ali khale pansi.

Phokoso loyamba ndi la liwiro. Lachiwiri ndi la chinthu chimene pa Chingerezi amati agility, ndipo ife m'nkhani ino tizichitcha changu: kutha kuima mwadzidzidzi, kukhota, kutembenuka ndi kunyamukanso, molingana ndi zimene mdani kapena mpira wachita. Anthu ambiri, ndi makochi omwe, amaziika ziwirizi m'thumba limodzi. Amati mwana wothamanga ndiye wachangu. Maganizowa ali ndi mbali yoona, koma mbaliyo ndi yaing'ono kuposa mmene timaganizira.

Ku Copperbelt, kumene eni ake amakutcha Kopala, nkhaniyi ili pakwawo. Makampani a migodi ndiwo adamanga mabwalo ndi kulera matimu. Nkana idayamba mu 1935 ndi dzina loti Rhokana United, ndipo mu 2020 idatenga ligi ya Zambia kachi 13. Mu 1990 idafika mu ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a mu Africa n'kugonja pa mapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria. Chaka chotsatira anzawo a ku Ndeke, a Power Dynamos, adabweretsa chikho cha African Cup Winners' Cup ku Kitwe. Chigawo chomwechi chidabala Godfrey Chitalu ku Luanshya ndi Kalusha Bwalya ku Mufulira. Chidabalanso munthu amene sadali wampira koma atithandiza kumvetsa kusiyana kwa zinthu ziwirizi: Samuel Matete wa ku Chingola, amene mu 1991 ku Tokyo adapambana dziko lonse pa mpikisano wa mamita 400 wodumpha zotchinga, ndipo chaka chomwecho ku Zurich adamaliza mtundawo m'masekondi 47.10. Matete ankalowa m'bwalo akudziwa kuti zotchinga zilipo 10, zotalikirana mamita 35, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chidzasunthe pamalo pake. Njira yake idali yakeyake. Wosewera mpira alibe mwayi umenewo. Zotchinga zake zili ndi maso, zili ndi miyendo, ndipo zina zimakoka malaya.

Mu 2005 akatswiri awiri a ku England, Thomas Little ndi Alun Williams, adafalitsa zotsatira za mayeso amene adachita pa osewera 106 a matimu olipidwa. Aliyense adayesedwa patatu: kunyamuka ataima n'kuthamanga mamita 10, kuthamanga mamita 20 atatenga kale liwiro, ndi kuthamanga mokhotakhota. Funso lidali loti, ukadziwa nthawi ya munthu pa mayeso amodzi, wadziwa zochuluka bwanji za mmene achitire pa enawo? Pakati pa kunyamuka ndi liwiro lapamwamba, ubale udali 39 pa 100. Pakati pa liwiro lapamwamba ndi kukhota udali 21 pa 100. Pakati pa kunyamuka ndi kukhota udatsika kufika 12 pa 100. Kunena kwina, ziwirizi n'zapachibale ndithu, koma ndi chibale cha pa msuweni, osati cha bere limodzi. Magawo ochuluka a zimene zimapangitsa wina kukhota bwino kuposa mnzake sapezeka pa wotchi ya mpikisano wowongoka.

Chifukwa chake aliyense amene adakwerapo kabaza pamtsetse amachidziwa. Liwiro ndi ngongole, ndipo imabwezedwa pa mabuleki. Mphamvu imene chinthu choyenda chimanyamula sikwera mofanana ndi liwiro lake. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, ndipo ndi mabuleki omwewo mtunda woti uime umatalikanso kanayi. Tiyerekeze osewera awiri olemera mofanana, wina akuthamanga mamita 6 pa sekondi, wina mamita 8. Kusiyana kwa liwiro kukuoneka kochepa, koma wachiwiriyu ali ndi katundu woti aimitse wotsala pang'ono kuwirikiza kawiri wa mnzake. Ngati miyendo yake siikula mphamvu yoimira mofanana ndi yothamangira, adzapitirira pamene amafuna kukhota. Onjezani kulemera kwa thupi, ngongole ikulanso. N'chifukwa chake wotchinga kumbuyo wamtali, wa thupi lake, akhoza kumupeza wosewera wamng'ono pa mtunda wa mamita 30, koma wamng'onoyo akangoponda mpira n'kubwerera, wamkuluyo amadutsa ngati lole yodzaza mkuwa imene yaphonya mphambano.

Tayang'anitsitsani wosewera wodziwa kutembenuka, makamaka pa kanema woyenda pang'onopang'ono. Ntchito yaikulu sichitikira pa phazi lomaliza, lija limaponda pamzere. Imayambira masitepe awiri kapena atatu kumbuyo. Masitepe amafupika. Chiuno chimatsika ngati munthu akufuna kukhala pampando. Phazi limagwera kutsogolo kwa thupi, chidendene chili patsogolo, thupi litapendekera kumbuyo, ndipo minofu ya patsogolo pa ntchafu imagwira ntchito ikutamuka, monga imachitira ukamatsika phiri utasenza thumba la chimanga. Sitepe yotsatizana ndi yomaliza ndiyo imameza gawo lalikulu la liwiro. Pofika pa yomalizayo mutu ndi mapewa zayamba kale kuyang'ana kumene munthu akupita, ndipo phazi limangokankha. Zonsezi n'zosemphana ndi zimene wothamanga wa mpikisano amaphunzira. Iye amaimika thupi, chiuno chili m'mwamba, masitepe ali ataliatali, phazi likungokhudza pansi pang'ono n'kuchoka. Wina amaphunzira kuchoka pansi msanga, wina amaphunzira kukakamira pansi. Thupi lalifupi limathandiza pano, chifukwa kulemera kwake kuli kale pafupi ndi nthaka. Diego Maradona adali wa mamita 1.65, Lionel Messi ndi wa mamita 1.70.

Ngakhale nyama zakutchire zili pansi pa lamulo lomweli. Mu 2013 gulu la Alan Wilson wa ku Royal Veterinary College lidafalitsa zimene lidapeza litaveka makolala oyeza liwiro m'khosi mwa ma cheetah asanu ku Botswana. Nyamayi, msuweni wowonda wa kambuku, idafikapo makilomita 93 pa ola. Koma posaka nthawi zambiri inkathamanga liwiro lotsika kwambiri kuposa pamenepo, ndipo chimene chinkagwetsa nswala kudali kuima mwamphamvu ndi kukhota msanga. Mlenje aliyense wa kumudzi amene adaonapo galu akupitirira kalulu atakhotera m'mizere akhoza kunena kuti zimenezo sizinkafunika makolala. Koma bola tsopano zili ndi manambala.

Kuyeza kukhota kulinso ndi msampha wake. Mayeso ambiri amene makochi amagwiritsa ntchito, monga aja otchedwa Illinois, ndi ataliatali moti gawo lalikulu la nthawi limathera pa kuthamanga kowongoka. Wothamanga kwambiri amabisa kulephera kwake kukhota, chifukwa nthawi imene wataya pakona amaibweza panjira. Pofuna kuthana ndi vutoli Sophia Nimphius wa ku Edith Cowan University ku Australia, pamodzi ndi anzake, adalimbikitsa njira yosavuta. Pali mayeso otchedwa 505: wosewera amatenga liwiro pa mamita 10, wotchi imayamba, amathamanga mamita 5 kufika pamzere, amatembenuka kwathunthu, n'kubwerera mamita 5 omwewo. Pa nthawi imeneyi umachotsapo nthawi yake ya mamita 10 owongoka. Chotsalacho ndiwo mtengo wa kutembenuka. Irineu Loturco ndi anzake ku São Paulo atayesa osewera mpira mwa njira yotereyi adapeza kuti othamanga kwambiri nthawi zambiri ndiwo amalipira mtengo waukulu. Sikuti amamaliza mochedwa kuposa anzawo, ayi. Koma poyerekeza ndi liwiro limene ali nalo, amataya lochuluka pakona.

Komabe zonse tanenazi ndi theka chabe la changu, ndipo mwina theka laling'ono. Mu 2006 Jeremy Sheppard ndi Warren Young adatanthauzira changu motsindika mfundo imodzi: kusintha liwiro kapena njira kuyenera kukhala yankho ku chinthu chimene chachitika. Kuzungulira tizipewa tapulasitiki timene kochi wandandalika pabwalo ndi kukhota kodziwiratu. Wosewera amadziwa kumene akhotere asananyamuke. Pamasewero enieni sadziwa. Munthu wamba amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kuti aone chinthu n'kuyamba kusuntha, ndipo akakhala ndi zosankha ziwiri kapena zitatu nthawiyo imatalika. M'kanthawi kameneko mdani wothamanga mamita 7 pa sekondi wayenda kale pafupifupi mita ndi theka. Ndiye wodikira kuti aone mpira ukusuntha wachedwa kale. Osewera ozama amawerenga chiuno, bondo ndi kapondedwe ka phazi, n'kunyamuka mpira usanakhudzidwe. Njomba nayo ndi bodza lonenedwa ndi thupi: mapewa akulonjeza kumanzere, phazi likukonzekera kumanja.

Amene akufuna kuona changu chotere pafupi asapite kubwalo lalikulu. Aime pamene atsikana akusewera fulaye. Awiri ali kumapeto, akuponyerana kampira kokulunga ndi mapepala, ndipo wapakati akulewa. Iye sathamanga mtunda uliwonse woti n'kuyezedwa. Amaima pa zala za mapazi, mawondo atapindika pang'ono, maso ali pa phewa la woponya, osati pa mpira. Mkono ukangobwerera kumbuyo iye wadziwa kale ngati awerame, adumphe kapena apotoze chiuno kuti mpira udutse pafupi ndi diresi. Ukadutsa amatembenuka pomwepo, chifukwa wa kumbuyo uja wawakha kale ndipo akuponyanso. Pa mphindi imodzi watembenuka maulendo osawerengeka, ndipo palibe ulendo umene anadziwiratu. Anyamata a mpira wa chikulunga, umene ku Kopala amautcha chimpombwa, amaphunzira zofanana pakati pa nyumba ziwiri, miyala ili zigoli, malo ali ochepa, mpira wosadziwika kumene unjanjire. Ine ndimaona kuti masukulu a mpira amene amachotsa ana m'masewero otere n'kuwaika pamzere wozungulira tizipewa kwa ola lathunthu amawalanda chinthu chodula n'kuwapatsa chotchipa.

Rainford Kalaba, wobadwira ku Kitwe mu 1986, ndi chitsanzo cha wosewera wa mtundu umenewu. Thupi lake lidali lochepa, ndipo pa mpikisano wowongoka sakadakhala woyamba pakati pa anzake a Chipolopolo, timu ya dziko la Zambia, amene adatenga chikho cha Africa ku Libreville mu 2012. Koma pamalo ochepa, anthu atamuzinga, ankatembenuka ndi mpira n'kutulukira mbali imene palibe ankaiyembekeza, ndipo luso limeneli lidamusunga zaka zambiri ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Kale kwambiri ku Brazil kudali Garrincha, wa miyendo yopindika, wina waufupi kuposa unzake. Otchinga onse ankadziwa kuti amakonda kudutsa chakumanja. Chimene sankadziwa ndi nthawi yake. Barbra Banda, amene adamwetsa zigoli zitatu kawiri motsatizana pa Olympics ya ku Tokyo, polimbana ndi Netherlands kenako China, adasewerapo nkhonya asanakhazikike pa mpira, ndipo nkhonya ndi sukulu ya kapondedwe ndi kuwerenga mapewa a mnzako.

Tisapitirire nazo mpaka kunyoza liwiro, chifukwa manambala ena akutikoka malaya. Oliver Faude ndi anzake adaunika zigoli 360 za mu Bundesliga ya ku Germany mu nyengo ya 2007/08, n'kuyang'ana chimene womwetsa chigoli adachita asanamenye mpira. Pa zigoli 45 mwa 100 zilizonse adali atathamanga mowongoka. Kuthamanga kokhota kudatsogolera zigoli pafupifupi 6 zokha mwa 100. Njomba imasangalatsa bwalo, koma ukonde nthawi zambiri umagwedezeka chifukwa wina wafika msanga pampata. Pa 20 October 2021 ku Moscow, Patson Daka, yemwe adavalapo yachikasu ya Power Dynamos asanapite ku Austria, adamwetsa zigoli zonse zinayi pamene Leicester City idagonjetsa Spartak Moscow 4-3, ndipo chida chake chachikulu usiku umenewo chidali kuthamangira kuseri kwa otchinga. Fashion Sakala wa ku Chipata adafika ku Rangers ya ku Scotland mu 2021 atanyamulidwa ndi miyendo yomweyo. Temwa Chawinga adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo otchinga ambiri adangomuona msana.

Koma liwiro la mpira nalo lili ndi mtundu wake. Wosewera amayenda makilomita 10 mpaka 12 pa masewero amodzi, ndipo gawo limene amathamanga ndi mphamvu zonse ndi laling'ono kwambiri. Kuthamangako kumatenga masekondi awiri mpaka anayi, pafupifupi theka la maulendowo safika mamita 10, ndipo opitirira mamita 30 ndi osowa. Usain Bolt, pamene ankathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, adafika pachimake, cha m'ma makilomita 44 pa ola, atadutsa kale mamita 60. Bokosi la penate ndi la mamita 16.5 basi. Osewera othamanga kwambiri mu ligi ya England amafika cha m'ma makilomita 37 pa ola, ndipo zimenezo zimachitika mwa apo ndi apo, bwalo likatseguka. Akale adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma mu mpira palibe amayambira limodzi ndi mnzake. Wina wapereka msana ku golo, wina akuyenda chammbali, wina wangotera kuchokera m'mwamba. Daka akamathamangira kuseri, kawirikawiri amayamba ndi kupita kumene sakufuna, kukokera wotchinga kutsogolo, kenako n'kutembenuka. M'kaundula chigolicho chilembedwa kuti chadza ndi liwiro lowongoka, koma mamita awiri oyamba adagulidwa ndi changu. Jonathan Bloomfield ndi anzake atawerenga mu 2007 adapeza kuti wosewera wa mu Premier League amatembenuka maulendo oposa 700 pa masewero amodzi, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono. Bolt mwini adayesa mpira mu 2018 ku Central Coast Mariners ya ku Australia. Adamwetsa zigoli ziwiri pa masewero opimana mphamvu, koma adachoka wopanda kontilakiti.

Kwa kochi, tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chili ndi maphunziro akeake. Warren Young yemwe uja, mu 2001, adagawa amuna m'magulu n'kuwaphunzitsa kwa masabata asanu ndi limodzi, ena kuthamanga kowongoka, ena kukhotakhota. Owongokawo adawonjezera liwiro, koma pa mayeso a makona akuthwa sadasinthe kwenikweni. Okhotawo adakhota bwino, koma liwiro lawo lowongoka lidatsala pomwe lidali. Zoopsa zake nazo n'zosiyana. Liwiro lapamwamba limakonda kung'amba minofu ya kuseri kwa ntchafu. Kuima ndi kukhota mwadzidzidzi, bondo litagwera m'kati, ndiko kumadula mtsempha wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL, ndipo nthawi zambiri munthu amagwa wopanda womukhudza. Atsikana ndi amayi vutoli limawagwera kwambiri kuposa amuna. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+ idakonzedwa kuti iphunzitse, mwa zina, kutera ndi kukhota bondo lili pamzere ndi phazi, ndipo sifuna chida chilichonse chodula. Nthaka nayo ili ndi mawu. M'chilimwe mabwalo a m'makomboni a Kitwe ndi Ndola amauma gwa, fumbi lili pamwamba, phazi limaterereka. Mvula ikayamba cha mu November matope amaterera mwa mtundu wina, ndipo pa kapinga wabwino ngati wa pa bwalo la Levy Mwanawasa jombo imaluma pansi kwambiri moti phazi limatsala, bondo n'kupotoka lokha. Mnyamata wozolowera kutereraterera pafumbi amafunika nthawi kuti aphunzire kukhota pabwalo logwira.

Ndidaonapo posankha anyamata a timu ina ya achinyamata. Adawaika pamzere wa golo, mluzu udalira, ndipo khumi oyamba kufika pakati pa bwalo adalembedwa mayina. Otsalawo adauzidwa kuti adikire panja. Pakati pawo padali kamnyamata kena kamene, mpira utaponyedwa pakati pa odikirawo, kadazunza anzake onse pansi pa mtengo, koma olemba mayina adali atayang'ana kwina. Chonsecho mayeso abwinopo sakadawatayitsa ndalama. Pamafunika chingwe choyezera, miyala itatu ndi foni yojambula kanema. Yezani mamita 10 owongoka. Yezani 505, kamodzi mnyamata atembenukire phazi lamanja, kenako lamanzere. Pomaliza muikeni pamaso pa mnzake amene aloze kapena anyamukire mbali iliyonse mosadziwitsa, ndipo muone amene amanyamuka msanga ndi amene amanamizika. Pa mayeso achiwiriwo mudzapeza kuti osewera ambiri ali ndi mbali imodzi imene amatembenukira mochedwa, ndipo eni ake sadziwa. Wotchinga wozama wa ku Ndeke amakhala ataipeza mbaliyo mphindi 10 zoyamba zisanathe, ndipo masana onsewo amangomukankhira mnyamatayo komweko.